Mpweya, Gasi ndi Mphamvu pa Nkhani ya Bayogasi

Pa mawu onse amene alangizi ndi aphunzitsi amagwiritsa ntchito pofotokoza za bayogasi, palibe amene amasokoneza ophunzira koposa liwu loti mpweya, chifukwa liwu limodzi lomweli limaimira chimene munthu amapuma, chimene amapopera m'tayala la njinga, komanso chimene chimayaka pachitofu. Bayogasi amatuluka pamene tizilombo tosaoneka ndi maso tikuwoletsa ndowe, zitosi kapena zotsalira za chakudya m'thanki yotsekedwa bwino, ndipo kuposa theka lake ndi metheni, yemwe ndiye amayaka, pamene pafupifupi gawo lonse lotsala ndi kaboni dayokisaidi. Popeza tizilombo topanga metheni sitigwira ntchito pamene pali okosijeni, womasulira wokana mawu obwereka amakakamizika kulemba kuti bayogasi ndi mpweya wopangika pamalo opanda mpweya, chiganizo chimene chimadzitsutsa chokha. Chizolowezi chotcha okosijeni mpweya wabwino ndi kaboni dayokisaidi mpweya woipa sichithandizanso, pakuti mlimi amene wamva kuti m'thanki mwake muli mpweya woipa sangalakwe akakana kuphikirapo nsima.

Njira yosavuta ndiyo kuvomereza liwu loti gasi, limene anthu a m'matauni analilandira kale pogula gasi wophikira wa m'masilinda, ndi kuliphatikiza ndi liwu la kumudzi kuti pakhale gasi wa ndowe. Anthu a ku India anachita chimodzimodzi, popeza dzina lawo loti gobar gas linachokera ku liwu la Chihindi lotanthauza ndowe za ng'ombe. Dzina loti gasi wa ndowe lili ndi malire ake, chifukwa matanki ena, monga amene anamangidwa m'ndende za ku Rwanda, amadyetsedwa zochokera m'zimbudzi, zimene Mchewa sakonda kuzitchula pafupi ndi chakudya. Pamenepo liwu loti bayogasi, lomwe silikumbutsa fungo lililonse, limagwira ntchito yaulemu imene liwu lachikuda silingathe. Thanki yeniyeniyo ena amafuna kuitcha chogayira potsata Chingelezi, koma kwa Mmalawi kugaya kumakumbutsa chigayo cha chimanga, pomwe m'thankimo mulibe chopera chilichonse: zinthu zimangowola ndi kusasa pang'onopang'ono, ndipo zotsalira zimatuluka ngati manyowa amadzi.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba. Liwu loti mphamvu limatanthauza nyonga za thupi, ulamuliro wa mfumu, ndiponso chimene chimayendetsa makina, ndipo pofuna kutchula mphamvu yochokera ku dzuwa, mphepo, madzi ndi ndowe, olemba ena amati mphamvu zosatha. Dzina limeneli limalonjeza zimene sayansi sinalonjeze. Thanki ya bayogasi imafuna ndowe zosakaniza ndi madzi tsiku lililonse, kotero kuti banja likagulitsa ng'ombe m'chaka cha njala, kapena mjigo ukauma, moto umazima. Nawo magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amachepa madzi a mu Shire akatsika, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anaimitsa makina a ku Kapichira kwa nthawi yoposa chaka. Chimene akatswiri amatanthauza n'chakuti gwero lake limabwereranso m'nthawi ya moyo wa munthu, mosiyana ndi malasha kapena mafuta a pansi panthaka, choncho mawu oti mphamvu zobwereranso, ngakhale sakoma m'kamwa, ali pafupi ndi choonadi. Pa tanthauzo limeneli nkhuni nazo zimalowamo ngati mitengo ikubzalidwa mofanana ndi mmene ikudulidwira, zomwe mapiri oyera a m'chigawo cha kummwera akusonyeza kuti sizikuchitika.

Funso lotsala ndi la amene ayenera kugamula za mawu oterewa. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linali ndi ulamuliro wolamula kalembedwe, koma linathetsedwa ndipo malo ake anatengedwa mu 1996 ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe ntchito yake yaikulu ndi kufufuza ndi kulangiza. Ku Tanzania bungwe la BAKITA lakhala likuvomereza mawu atsopano a Chiswahili kuyambira 1967, ndipo mawuwo amalowa m'mabuku a pulayimale chifukwa Chiswahili ndicho chophunzitsira. Ku Malawi boma linalengeza mu 2014 kuti ana aziphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 1, motero mawu a sayansi a Chichewa alibe kalasi yokhwimiramo, ndipo amasiyidwa m'manja mwa owulutsa mawu pawailesi ndi mabungwe a chitukuko, aliyense ndi kamasuliridwe kake. Mayina amene akhazikika, monga sola ndi chitetezo mbaula, anafala limodzi ndi chinthucho pamsika, pamene matanki a bayogasi akadali ochepa m'midzi, ndipo dzina loti bayogasi likadali la alangizi okha.