Mpata wa Fort Lister ndi Mayina Amene Sanalembedwe

Tikamakamba zokayenda kuphiri la Mulanje, ambirife timaganiza za Likhubula. Kumeneko n'kumene kuli mathithi a Dziwe la Nkhalamba, aja adzaza pa Facebook, ndipo n'kumene ambiri ofuna kukafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, amayambira ulendo. Sindikutsutsa ayi, malowo ndi okongola zedi. Koma ine ndine mwana wa ku Phalombe, ndipo phirili lili ndi khomo lina mbali ya kwathu kuno. Khomolo ndi mpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi.

Mukakwera njira yochoka pampatapo kulowera ku kanyumba ka alendo ka Sombani, thukuta likayamba kutsika, imani kaye mucheuke. Michesi amaoneka ali poteropo, chigwa cha Phalombe chili tandale, ndipo kukacha bwino maso amakafika mpaka ku nyanja ya Chilwa. Ndinapitako ndi anzanga a ku yunivesite, aliyense foni m'manja, kulimbirana mwala woti aimepo. Palibe anafunsa chifukwa chake malowa ali ndi dzina la mzungu.

Nkhani yake nayi. M'zaka za m'ma 1800, mpatawu unali njira ya amalonda opita ku Quelimane, kugombe la Mozambique. Ankanyamula minyanga ya njovu, ankayendetsanso anthu ogwidwa ukapolo, goli lili m'khosi. Pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mafumu ena a Chiyao ozungulira phirili, monga Matipwiri, ankalemera nawo malondawa. Angelezi atalengeza ulamuliro wawo mu 1891, Harry Johnston anafuna kutseka njirayi, ndipo mu 1893 anamanga linga pampatapo. Dzina lake analitenga kwa Villiers Lister, mkulu wina wa ofesi yoona za maiko akunja ku London. Tsidya lina la phiri kunalinso linga la Fort Anderson. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895.

Ndiye taganizani: malo amene ife timati pali "view" yabwinowa, asilikali anawasankhanso chifukwa cha maso omwewo. Pamene ife timaonapo kukongola, iwo ankaonapo aliyense wodutsa. Komatu tisathamangire kuwaombera m'manja. Mfuti zimene zinatseka njira ya akapolo ndi zomwezo zinaima kumbuyo kwa msonkho wa nyumba, ndipo posakhalitsa makolo athu, kuphatikizapo Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, anagwa m'thangata m'minda ya azungu.

Lero palingapo patsala zipupa zogumuka ndi tchire. Pali manda a Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi Robert Louis Stevenson, yemwe anamwalira mu 1896. Iye dzina lake lilipo. Nanga mayi uja anadutsa apa mwana ali kumsana, osadzaonanso kwawo, anali ndani? Funso limeneli limandisowetsa mtendere kuposa phazi lotupa ndi ulendo.

Madzinso ali ndi mbiri yake kuno. Timitsinje timene timagwa pamatanthwe n'kumatisangalatsa nthawi ya dzinja ndi tomwe tinasanduka Napolo mu Malichi 1991. Mvula itagwa kwa masiku, Michesi anagumuka, matope ndi miyala zinatsikira pa Phalombe ndipo anthu mazanamazana anafa. Ine ndinali ndisanabadwe, koma amayi akamaloza miyala ikuluikulu imene ili m'minda mpaka lero, mawu awo amatsika. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndiye tinamuona ndi maso athu, mabala ofiira n'kutsala m'mbali mwa mapiri onse awiri.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, osati chifukwa cha kutalika kwake, koma chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Alendo achuluka ndithu. Nkhawa yanga ndi yoti adzangosamba pa Likhubula, kujambulitsa, basi n'kubwerera, pamene Phalombe, boma limene linapatuka ku Mulanje mu 1998, likhalabe malo ongotchulidwa pa wailesi kukagwa tsoka.

Choncho anzanga, mukadzapeza tchuthi, dzazungulireni phirili mudzafike kwathu kuno. Tengani mnyamata wa m'mudzi wapafupi akutsogolereni, mumlipire bwino, ndipo musangomufunsa kuti mathithi ali kuti. Mufunseni zimene agogo ake anamuuza za mpatawo, za Napolo, ndi za mizimu ya m'Michesi imene amati imasiyira munthu chakudya m'nkhalango, adye yekha osaitana mnzake. Zimene angakuuzeni muzilembe, muikepo ndi dzina la mudzi wake.