Matenda a ku Namadzi ali ndi mbiri yake

Munthu akadwala kwathu kuno sitichedwa kumuweruza. Pasiwa mumamva anthu akunong'onezana kuti malemuwo anali oyendayenda, ndipo kusikelo mayi wa mwana wotupikana amakalipiridwa kuti ndi wosasamala. Inenso, monga wogwira ntchito m'boma, ndakhalapo pamisonkhano yolangiza anthu akumudzi kuti azidya zakudya za magulu asanu ndi limodzi, popanda wowafunsa kukula kwa munda wawo. Mbiri ya dera la Namadzi, m'boma la Chiradzulu, idandiphunzitsa kufunsa kaye ndisanaloze chala.

M'chaka cha 1861, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA adamanga ku Magomero, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, pamodzi ndi anthu amene adawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo. Malowo adawasankha poopa nkhondo, pakuti mtsinje udawazungulira ngati linga. Koma anthu adathithikana pamalo ochepa, chakudya chidasowa, madzi adaipa, ndipo ambiri adafa ndi kamwazi. Mackenzie naye adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo m'chaka chomwecho mishoni idasamukira kwa Chibisa, kuchigwa cha Shire. Anthu amene adafawo sadasankhe kukhala mothithikana. Nkhondo yogwira akapolo ndiyo idawaunjika pamenepo.

Patapita zaka, dziko lomwelo lidakhala esiteti ya A.L. Bruce. Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adalandiridwa pamenepo, koma adayenera kugwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo, wina wa msonkho, ndipo kawirikawiri miyeziyo inkatalikitsidwa. Ntchitoyi inkafunika m'dzinja, nthawi yomwe munthu amayenera kupalira chimanga chake. Bambo akamapalira thonje la mzungu, udzu unkadya munda wake, ndipo nkhokwe inkatha msanga. Kodi mwana wowonda wa m'banja lotere tingati adalakwiridwa ndi amake? Mkwiyo wa thangata udaphulika pa 23 Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Komabe thangata lidapitirira mpaka 1962.

Boma la atsamunda lidagula gawo lalikulu la esitetiyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, koma anthu adali atachuluka kale, ndipo minda inkacheperachepera pogawira ana. Amuna ambiri adalowera ku Salisbury, ena ku Joni kudzera ku Wenela. Kumigodi ankagona mothithikana, kutali ndi akazi awo, akupuma fumbi la miyala. Wodwala chifuwa chachikulu ankabwezedwa kumudzi, kumene ankatsokomolera m'nyumba imodzi ndi ana ake. Golide adatsala ku Johannesburg, chifuwa chidabwera ku Namadzi.

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, idayenda m'njira zimene umphawi udalambula kale: mabanja olekanitsidwa ndi ntchito, amayi otsala ndi ana opanda cholowa, ndi misika ya m'mbali mwa msewu wa Blantyre ndi Zomba, monga wa Namadzi. Maliro adachuluka, ndipo tidalalikira za makhalidwe mpaka mawu kusasa. Uphunguwo udali ndi ntchito yake, koma manda adapitirira kudzaza.

Kenaka mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV mwaulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu, ndipo pambuyo pake lidawafikitsa kuzipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Mu 2004 boma lidayamba kuwapereka mwaulere m'dziko lonse. Anthu amene tinkawatembenuza pamphasa adadzuka, nagwiranso khasu. Iwowa adali anthu omwe aja, ndi mitima yomwe ija. Chidasintha ndi chakuti mankhwala adafika pafupi ndipo sadafune ndalama. Mnzawo amene adadwala mu 1998 adamwalira chifukwa adadwala mankhwalawo asadafike, osati chifukwa adali wochimwa kuposa iwo.

Sindikunena kuti munthu alibe udindo pa moyo wake. Kusamba m'manja, kugona m'neti ndi kukayezetsa magazi ndi zofunika ndithu. Koma sopo amagulidwa, mjigo amakumba ndi boma, ndipo kuchipatala munthu amapita pamsewu umene sadaulambule yekha. Ife amene timalemba mapulani m'maofesi tiyenera kukumbukira kuti kukula kwa munda, malipiro a pantchito ndi mtunda wa kuchipatala zimalemba nawo buku la odwala.

Choncho tikadzakhalanso pasiwa ku Namadzi, tisanafunse kuti malemu adachita chiyani, tifunse kuti adali ndi munda wotani, ankamwa madzi a kuti, ndipo chipatala chidali patali bwanji. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.