Mmene Kachilembo ka S Kanawolokera Malire

Pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko m'chaka cha 1891, nadutsitsa malire awo pamsana pa mapiri a Angoni, anagawa minda nagawanso malilime a ana a mimba imodzi. Kotero kuti mwana wa ku Ntcheu anayamba kuloweza Chingerezi, pamene msuweni wake wa ku Tsangano kapena wa ku Furancungo m'boma la Macanga, akapeza mwayi wa sukulu ya mishoni, ndipo amwayi otere anali owerengeka, anali kuluma lilime ndi Chipwitikizi.

Tsono aneni a zilankhulo zitatuzi ali ndi makhalidwe osiyana ndithu. Wathu wa Chichewa amasintha kumutu: ndiyenda, uyenda, ayenda, tiyenda. Wa Chipwitikizi amagwedeza mchira: ando, andas, anda, andamos, andam. Koma wa Chingerezi, m'nthawi yatsopano, ngwaulesi zedi, pakuti I walk, you walk, we walk ndi they walk onse avala malaya amodzimodzi, kufikira utanena za mmodzi wina, kaya he, she kapena it, ndipo pomwepo pamamera kachilembo: walks. Pena kamadza ndi mnzake, monga mu watches; pena, ukafunsa funso, kamasamuka kukakhala mu does, kusiya walk ali yekha. Ine ndiyesa kuti kuchepa kwake ndiko kumakaiwalitsa, popeza wosenza mitolo isanu saiwala ngakhale umodzi, koma wotenga singano amaitaya panjira.

Chinadzetsa kachilemboka kutsidyako, ku Mozambique, ndi nkhondo. Pamene Renamo ndi Frelimo anathirana moto, makamaka kuyambira 1986, anthu anathawira ku Malawi mpaka kuposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri a m'malire anangolowa m'midzi ya abale awo ku Ntcheu ndi ku Dedza, pakuti chibale ndi fupa, sichiwola. Ana awo ena anakhala pansi pa mitengo pamodzi ndi ana a eni mudzi, mphepo ya Juni ikuwalasa m'nthiti, nafuula pambuyo pa aphunzitsi onyamula kandodo: he walks, she walks! Wosiya s anali kuulawa mkwapulo, ndipo mkwapulowo sunafunse kuti kwanu n'kuti.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kumabwinja awo atasenza makasu, miphika ndi Chingerezi chija. Boma linadza m'mbuyo mwawo: Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ndipo silabasi ya 2004 inaika Chingerezi m'kalasi lachisanu ndi chimodzi, ana a othawa nkhondo atachidziwa kale. Lero pamsika wa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire, bambo wa imvi zoyamba amatsatsa mbatatesi zake m'Chichewa, nawerenga ma meticais m'Chipwitikizi, ndipo mwana wake akamuwerengera za kusukulu nati she cook, iye amangowonjezera kamluzu kaja ka s pakati pa mano, maso ali pa thumba limene akusoka.