Mbiri ya Nyumba za Lendi za Mumpanda mu Mzinda wa Lilongwe

Pamene boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano ndi ngongole yochokera ku South Africa, akatswiri anakonza mzinda wa mitengo yambiri ndi misewu yotakasuka, womwe madera ake anapatsidwa manambala m'malo mwa mayina. Madera monga Area 10 ndi Area 43 anakhala kumayadi, kutanthauza malo a mapuloti aakulu okhala akuluakulu a boma ndi akazembe, pamene Area 18 inali ya ogwira ntchito m'boma apakati, ndipo anthu opeza zochepa anapatsidwa mapuloti ku Kawale ndi ku Area 25 kuti adzimangire okha. Lilongwe atakhala likulu mu 1975, nyumba zambiri za kumayadi zinkangozunguliridwa ndi maluwa kapena waya, moti wodutsa mumsewu ankatha kuona khonde la mwini nyumba.

Zinthu zinasintha m'zaka zotsatira 1994, pamene mantha a umbava ndi umbanda anakula m'mizinda, komanso anthu anachuluka kuposa nyumba zimene bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linayamba mu 1964, linkatha kumanga. Mzinda umene mu 1977 unali ndi anthu pafupifupi 100,000 unapezeka ndi anthu 989,318 pa kalembera wa 2018. Eni mapuloti aakulu anazindikira kuti pamalo pamene panali nyumba imodzi ndi kapinga pangathe kukhala mafulati anayi kapena asanu ndi imodzi, ndiye kuti nyumba zogundizana za mabanja osiyanasiyana, zozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa komanso zogwiritsa ntchito geti limodzi ndi mlonda mmodzi. Pamwamba pa mpanda wa njerwa ankazikapo magalasi a mabotolo osweka simenti isanaume, ndipo pambuyo pake panabwera waya waminga ndi wamagetsi.

Mtengo wa nyumba zoterezi sumvetseka bwino munthu akangoyang'ana kuchuluka kwa zipinda, chifukwa chimene wochita lendi amagula kwenikweni ndi zinthu zomwe mzinda unayenera kupereka kwa aliyense: chitetezo cha usiku, thanki yosunga madzi mipopi ikauma, ndi jenereta kapena sola magetsi a ESCOM akathima. Mwa chizolowezi, malandilodi ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama ya chikole yokonzera zowonongeka, malipiro a dobadoba amene anapeza nyumbayo, mayunitsi a magetsi ndiponso gawo la malipiro a mlonda. Mlondayo, amene ndiye maziko a mtengo wonsewu, nthawi zambiri amachokera ku Mtandire kapena ku Mgona pa njinga yakapalasa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malipiro ake a mwezi wathunthu amakhala kachigawo kochepa kwambiri ka lendi ya fulati imodzi.

Kuchuluka kwa maofesi a akazembe ndi mabungwe akunja kunabweretsanso chizolowezi chotchula lendi ya kumayadi mu madola, chomwe chimapweteka Mmalawi wolandira makwacha. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kotero kuti fulati ya madola 1,000 inakwera kuchoka pa K1,180,000 kufika pa K1,700,000 pamwezi, ngakhale kuti mwini wake sanawonjezerepo njerwa ndi imodzi yomwe.