Trigonometry: masamu a ngodya ndi mbali za thirayango

Trigonometry ndi nthambi ya masamu yofufuza kugwirizana kwa ngodya za thirayango ndi kutalika kwa mbali zake. Imathandiza munthu kuyeza zinthu zimene tepi singafikeko, monga msinkhu wa phiri kapena kutambalala kwa mtsinje.

Wophunzira amayambira pa thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Mbali yoyang'anizana ndi ngodyayi ndiyo yaitali koposa, ndipo imatchedwa hypotenuse. Mbali ziwiri zotsalazo zimatchulidwa potengera ngodya imene munthu wasankha mwa ziwiri zinazo: ina ndi yoyang'anizana nayo, ina ndi yoyandikana nayo. Apa ndi pamene pamachokera sine, cosine ndi tangent. Sine ndi mbali yoyang'anizana ÷ hypotenuse, cosine ndi mbali yoyandikana ÷ hypotenuse, pomwe tangent ndi mbali yoyang'anizana ÷ mbali yoyandikana.

Mutu wa nkhani ndi wakuti ngodya ikapanda kusintha, mayankhowa sasinthanso, thirayango ikule chotani. Sine wa madigiri 30 ndi 0.5, kaya thirayangoyo yajambulidwa m'kope kapena yalembedwa pabwalo lonse la mpira. Woloweza mayina atatuwa asanamvetse mfundo imeneyi sachedwa kusokonezeka funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Tinene kuti munthu waima mamita 20 kuchokera patsinde pa mtengo wa bulugamu, pamalo athyathyathya, ndipo poyang'ana kunsonga maso ake akwera ndi madigiri 30. Tangent wa madigiri 30 ndi pafupifupi 0.577. Akachulukitsa ndi 20 apeza mamita 11.5, koma awa ayambira pamene pali maso ake. Ayenera kuwonjezera mamita ngati 1.5 a kuchokera pansi kufika m'maso, ndipo mtengowo ndi wa mamita pafupifupi 13. Wogwiritsa ntchito kakyuleta aonetsetsenso kuti ili pa DEG, kutanthauza madigiri, chifukwa ikakhala pa RAD yankho limasiyaniratu.

Masamuwa anakula chifukwa cha akatswiri a zakuthambo. Hipparchus wa ku Nicaea, wa m'zaka za m'ma 100 BC, amadziwika kuti ndiye anayamba kukonza matebulo a masamuwa, ndipo Ptolemy wa ku Alexandria anapitiriza ntchitoyi m'buku la Almagest. Ku India, Aryabhata analemba tebulo la sine m'chaka cha 499.

Ku India komweko, mu 1802, William Lambton anayambitsa ntchito yoyeza dzikolo polumikiza mathirayango ambirimbiri. Ndi m'ntchito imeneyi momwe msinkhu wa phiri la Everest unawerengedwa oyezawo ali kutali kwambiri, popanda wokwerapo. Mu 1856 oyezawo analengeza kuti phirili ndi la mafiti 29,002. Muyeso umene China ndi Nepal analengeza mu 2020 ndi mamita 8,848.86, omwe ndi mafiti pafupifupi 29,032.