Mabwinja a Maluwa

Makolo athu ankadziwa kuwerenga bwinja. Nyumba zikagwa, nkhokwe zikatha ndi chiswe, iwo ankangoyang'ana mitengo n'kudziwa kuti apa padali mudzi, apo padali bwalo, uko kudali manda. Aliyense amene adayendapo m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chipoka kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, adaona mitengo ikuluikulu ya mango itaima m'magulumagulu. Mtengo wa mango si wa kuno. Kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo, ndipo udafika kuno potsata njira za amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere. Ku Nkhotakota, komwe Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika cha m'ma 1840, mango, kokonati ndi mpunga ndi mboni za nthawi ya malonda a minyanga ndi akapolo. Zombo za Jumbe zidaola kalekale, koma mkuyu umene iye adakumanirapo ndi David Livingstone mu 1863 umalozedwabe kwa alendo.

Palinso mtundu wina wa bwinja umene mabuku athu a mbiri sakamba kawirikawiri. Awa ndi mabwinja a minda ya maluwa imene azungu adalima mozungulira nyumba zawo za m'maesiteti ndi za boma. Munda wotere udali wosiyana kutalitali ndi dimba lathu la mpiru ndi tomato. Unkayamba papepala, kenaka n'kuyezedwa ndi chingwe ndi zikhomo. Njira zake zinkawongoka ngati mzere wa asilikali, malo otsetsereka ankasemedwa kukhala masitepe omangidwa ndi miyala, kapinga ankametedwa, ndipo mipanda ya zitsamba inkadulidwa kuti ikhale msinkhu umodzi. Mwini wake akakhala pakhonde ankaona dziko lonse litamumvera. Imeneyo ndiyo idali ntchito yeniyeni ya mundawo, popeza rozi sadyera nsima.

Kunyanja minda yotereyi sidazike mizu kwenikweni, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Amishoni a Livingstonia adayesa kukhala ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo adawathamangitsa. Pofika mu 1881 adali atasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 adakwera phiri kupita ku Khondowe, atasiya manda m'malo awiri onsewo. Azungu obwera pambuyo adatolapo phunziro, nasankha zitunda za Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, kozizira ndi kwa mitsinje yosaphwa. Thonje la m'chigwa cha Salima lidalimidwa makamaka ndi alimi a m'midzi. Njanji itafika ku Salima mu 1935, gombe la Senga Bay lidasanduka malo opumulirako, okhala ndi tinyumba ta tchuthi ndi hotela ya Grand Beach, imene pambuyo pake idatchedwa Livingstonia Beach. Koma mchenga, dzuwa loswa mtengo ndi nyanja imene imakwera n'kutsika mwa kufuna kwake, monga idachitira mu 2024 pomwe idamiza mabwalo a malo ambiri ogona alendo, sizilola munda woyezedwa ndi chingwe kukhalitsa. Wofuna kuona zotsalira zenizeni ayenera kukwera kumtunda, ndipo ulendo wake uyambire ku Zomba.

Nkhani ya Zomba imayambira ku Scotland, m'mudzi wa Muthill, momwe John Buchanan adabadwira mu 1855. Ali mnyamata adaphunzira ntchito ya m'munda ku Drummond Castle, nyumba ya mabwana imene munda wake ndi umodzi mwa minda yotchuka zedi ya mtunduwu m'dzikolo. Mundawo udayambidwa cha m'ma 1630, udakonzedwanso m'zaka za m'ma 1800, ndipo njira zake zikuluzikulu zimapingasana ngati mtanda wa pa mbendera ya Scotland. Mfumukazi Victoria idaucheza mu 1842. M'munda umenewo Buchanan adali wantchito wamba, wogwira fosholo ndi wilibala. Mu 1876 adabwera kuno m'gulu loyamba la Mishoni ya Blantyre ngati katswiri wa zaulimi.

Munda wa pa Mishoni ya Blantyre udali wooneka bwino, wokhala ndi msewu wa mitengo ya bulugamu mbali zonse ziwiri, koma udalinso malo oyeserapo mbewu. Mu 1878 Jonathan Duncan adabwera ndi timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tidafa, kamodzi kadapulumuka, ndipo kuchokera pa kamtengo kameneko ulimi wa khofi udafalikira m'zitunda za Shire. Tiyi nayenso adayambira pa mishoni pomwepo, ndipo mu 1891 Henry Brown, amene adaphunzira ulimi wa m'maesiteti ku Ceylon, adatenga mbewu zake kukabzala ku Mulanje. Khofi adagwa mphwayi zaka za m'ma 1900 zitangoyamba chifukwa cha chilala, tizilombo ndi kutsika kwa mitengo pa msika wa dziko lonse, koma tiyi adakhazikika. Kotero minda yobiriwira imene timaiona ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi zidzukulu za kamunda ka pa mishoni.

Buchanan sadakhalitse pa mishoni. Mu 1881 adachotsedwa ntchito pamodzi ndi mtsogoleri wa mishoniyo, Duff MacDonald, zitaululika kuti anthu ankakwapulidwa mwankhanza pamalopo. Iye sadabwerere kwawo. Adakhazikika ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, momwe adalima khofi ndi nzimbe, napanga shuga. Pamodzi ndi abale ake, David ndi Robert, adadzitengera malo oposa maekala 160,000, ambiri mwa iwo "ogulidwa" kwa mafumu ndi nsalu ndi katundu wina wotsika mtengo. Mnyamata amene ankameta mipanda ya mabwana ku Scotland adasanduka bwana wa dziko lalikulu loti sangalizungulire ndi miyendo tsiku limodzi. Ndiye amene adamangira kazembe wa Britain, Albert Hawes, nyumba ya nsanja zosongoka ku Zomba cha m'ma 1886 ndi 1887, ndipo ndi yemweyo amene mu 1889, akugwirizira ukazembe, adalengeza kuti zitunda za Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain. Adamwalira ndi malungo ku Chinde mu 1896 ali pa ulendo wopita kwawo.

Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda, adalowa m'nyumba ya nsanja ija, ndipo Zomba idakhala likulu. Johnston adali wokonda zachilengedwe, moti pabwalo lake ankaweta mbalame ndi nyama zakutchire. Adabwera ndi Alexander Whyte, wa ku Scotland nayenso, amene adakhalako ku Ceylon, namupatsa ntchito yokonza munda pa malo otsetsereka a pafupi ndi nyumbayo. Mundawo udali ndi nkhope ziwiri. Kwa alendo a bwanamkubwa udali malo oyendayendamo madzulo. Kwa boma udali poyesera mitengo ndi mbewu zochokera ku maiko ena a ufumu wa Britain, kuti lione zimene zingabweretse ndalama. Mbewu zinkalowa, ndipo masamba ouma a zomera zathu ankatuluka kupita ku Kew ndi ku British Museum ku London. Mu 1891 momwemo Whyte adakwera phiri la Mulanje natenga nthambi za mkungudza. Mu 1894 katswiri wa ku London, Alfred Rendle, adaupatsa dzina la sayansi lakuti Widdringtonia whytei, polemekeza Whyte. Mtengo umene anthu a ku Mulanje adaudziwa kuyambira kale udalowa m'mabuku a dziko lonse ndi dzina la mlendo. Whyte adapitirira ku Uganda, komwe adayambitsa munda wina wotere ku Entebbe mu 1898.

Nanga lero patsala chiyani? Nyumba ya nsanja ija idasiya kukhala ya bwanamkubwa pomwe nyumba yatsopano ya boma idamangidwa mu 1901. Idadzasanduka Government Hostel, kenaka Hotel Masongola. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Koma munda wa Whyte ulipo. Mulunguzi akuyendabe pakati pake, timilatho tikuwolotsabe anthu, njira ndi masitepe a miyala zikutsatabe chitunda, ndipo mitengo imene idabzalidwa ili ngati ndodo tsopano ndi zimphona zoti anthu awiri sangazikumbatire. Kuyambira mu 1987 mundawu uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pamthunzi pomwe kale pankakhala akazi a mabwana akumwa tiyi, lero pamakhala ophunzira a ku yunivesite akuwerenga, ndi akwati akujambulitsa.

M'maesiteti a tiyi nkhani yake ndi yomweyo. Nyumba ya manijala aliyense inkakhala pa kachitunda, yozunguliridwa ndi khonde, kapinga ndi maluwa. Chitsanzo chosungika bwino ndi Huntingdon House pa esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene Maclean Kay adayambitsa mu 1923. Nyumbayo idali ya banja lake, ndipo pambuyo pake idasanduka malo ogona alendo, munda wake ukusamalidwabe. Koma tikamasirira kapinga wa m'maesiteti tisaiwale kuti kuno mvula imaleka mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala. Kapinga wobiriwira mu Okutobala ndiye kuti wina wake adakumba ngalande, wina adasenza ndowa, wina adagwada tsiku lonse kuzula udzu ndi manja.

Anthu amenewo adali ayani? Ambiri mwa ogwira ntchito m'maesiteti a kummwera adali anthu amene malo awo adalowa m'manja mwa azungu, pamodzi ndi Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Kuti akhale pa malo a mzungu ankalipira ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, ndipo nthawi zambiri kapitawo ankautalikitsa mweziwo mpaka kudya nyengo yolima. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kumunda pachibale, adasanduka dzina la goli. Goli limeneli ndi limodzi mwa zinthu zimene zidautsa John Chilembwe, amene anthu ake adaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero pa 23 Januwale 1915. Ngakhale chipolowe cha ku Thyolo cha mu Ogasiti 1953 chidayambira m'munda wa zipatso, pomwe anthu adagwidwa pa esiteti ya Mangunda powaganizira kuti aba malalanje. Mkwiyo wa malo, wa thangata ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland udaphulikira pomwepo, ndipo anthu 11 adataya miyoyo m'masabata otsatira. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962. Mayina a Buchanan, Whyte ndi Kay ali m'mabuku. Bambo wa ana asanu amene adasenza miyala ya masitepe ankangotchedwa gadeniboyi mpaka imvi.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Eni minda ija atachoka, minda yambiri idafa, ndipo munda umafa motsata ndondomeko yake. Poyamba amafa kapinga, chilimwe chimodzi chokha. Kenaka amatsatira maluwa a rozi. Mpanda wosadulidwa umakula n'kukhala mzere wa mitengo, ngalande zimadzaza dothi, thawale la nsomba limasanduka moswera udzudzu. Potsiriza pamatsala miyala ndi mitengo ikuluikulu, jakaranda, bulugamu ndi paini, kudikira nkhwangwa ya wowotcha njerwa. Minda imene idapulumuka ndi yokhayo imene idapeza ntchito yatsopano, ya hotela, ya sukulu kapena ya kafukufuku.

Zomera zina sizidafe, zidangothawa. Lantana, chitsamba cha ku America chimene chidafalitsidwa m'maiko otentha ngati mpanda wa maluwa, lero wadzaza m'tchire ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya. Paini wa ku Mexico adalowerera m'phiri la Mulanje mpaka kulimbirana malo ndi mitengo ya komweko. Namasupuni, wa ku South America, adazungulira dziko lapansi chifukwa anthu ankakonda duwa lake m'mathawale a pakhomo, ndipo kuno watsekapo mtsinje wa Shire n'kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Komabe chizolowezi chomwecho chosamutsa mitengo chidatichitiranso chifundo. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, udadulidwa mopanda chisoni kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonselo. Mtengowu sudatheretu chifukwa, mwa zina, udabzalidwanso kunja kwa kwawo, monga pa phiri la Zomba, komwe kudapezeka mbewu zoubwezeretsera.

Ena amafunsa kuti, tisungirenji minda ya anthu amene adatilanda malo? Funsoli n'lomveka, makamaka m'maboma ngati Thyolo ndi Mulanje komwe banja lonse limadalira kamunda kosakwana ekala. Koma kugumula masitepe a ku Zomba sikungabwezere aliyense malo ake, kungangofafaniza ntchito ya manja a agogo athu, popeza ndiwo adasema miyalayo. Chofunika n'kusunga mindayi pamodzi ndi nkhani yake yonse. Pakhale zikwangwani za m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe zotchula dzina la mtengo, kwawo kwake, chaka chimene udafika, ndiponso mmene antchito ake ankakhalira. Alembi ndi ophunzira apite kwa nkhalamba zimene zidagwirapo ntchito m'minda ya m'maesiteti zisadathe, akalembe zimene zikukumbukira. Kunyanja nakonso, mafumu a ku Salima ndi ku Nkhotakota angathe kusankha mitengo yakale ya mango ndi mikuyu yoti isakhudzidwe, pakuti yambiri ikupita ku mauvuni a njerwa, ku mabwato ndi ku nkhuni zowambira nsomba. Mwana wa mawa adzafuna kuwerenga bwinja monga ankachitira makolo ake. Tiyeni timusiyire mitengo yoti adzawerenge.