Mtengo wa Maphunziro a Miyambo pa Gombe la Nkhotakota

Kwa Malenga Chanzi, kumene anthu adalira mpunga, chinangwa ndi nsomba za m'nyanja, kholo likagulitsa zokolola zake kuti mwana apite kuyunivesite, lifunsa funso limodzi: kodi maphunzirowa adzabweza chiyani? Funsoli likula mwanayo akanena kuti afuna kuphunzira za miyambo ndi makhalidwe a mitundu ya anthu, maphunziro amene Azungu awatcha anthropology. Pakuti za chinamwali, za ukwati ndi za maliro, agogo ake azidziwa osalipira ngakhale tambala. Yankho lake lagona m'mbiri ya dera lomweli.

Nkhotakota ndi malo ozolowera alendo. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikikako m'zaka za m'ma 1840 kudzachita malonda a minyanga ndi akapolo. David Livingstone anafikako mu 1861, ndipo a mishoni ya U.M.C.A. anamangako mu 1894. Koma miyambo ya eni dziko inayamba kukhala ndi mtengo wa ndalama pamene Boma la Atsamunda linafuna kulamulira anthu kudzera mwa mafumu ao. Lamulo la 1933 linapatsa mafumu ena mphamvu ndi mabwalo a milandu ovomerezedwa ndi Boma. Tsono kunafunika kudziwa bwino amene anali mwini mbumba, amene anayamba kufika pamalo, ndi mwana wa mlongo woyenera kulowa ufumu. Mawu a nkhalamba yokumbukira mibadwo anatha kukweza banja lina ndi kutsitsa linzake.

Mu 1938 Boma linayambitsa kafukufuku wa zakudya za anthu, wotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Anasankha midzi itatu ya chigawo cha pakati: wina kumapiri, wina m'munsi mwa mapiri, ndi wina kunyanja m'boma la Kota Kota, monga dzinali linkalembedwera masiku amenewo. M'gululo munali Dr Margaret Read, mayi amene anaphunzira za miyambo ku London pansi pa Bronislaw Malinowski, ndipo anali atakhala kale pakati pa Angoni. Madokotala anatha kuyesa ufa ndi ndiwo pasikelo, koma sikelo sinanene chifukwa chake munda wina unagona osalimidwa. Mayiyu anaona kuti amuna ambiri anali ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo mu 1942 anasindikiza nkhani yofotokoza mmene ulendo wa kuntchito unasinthira moyo wa m'midzi. Mu 1949 anakhala pulofesa ku yunivesite ya London. Koma mayina a omasulira ndi a nkhalamba zimene zinayankha mafunso ake sanamveke monga linamvekera lake. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma apa tsitsi lometedwa linali la eni mudzi.

Pa zaka zomwezo panali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905. Buku lake la Nthondo linapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London losamala zinenero ndi miyambo ya mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi. Pambuyo pake Ntara anayenda kufunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa. Ntchito yake inali yofanana ndi ya akatswiri a kunja, ndipo chinenero ndi mibadwo anazidziwa kuposa iwo. Chimene analibe ndicho digiri, kotero mpando wa kuyunivesite sunali wake.

Pamenepa ndi pamene paoneka mtengo weniweni wa pepalali. Digiri sipatsa mwana wa kwa Malenga Chanzi miyambo, pakuti imeneyo anayamwira. Impatsa njira yofunsira mwadongosolo, yoyerekeza za kwao ndi za mitundu ina, ndi chilolezo chakuti a Boma ndi mabungwe amvere mawu ake namlipira. Pamene Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndi pambuyo pake Yunivesite ya Katolika ku Nguludi mu 2006, khomo limene linatsekera Ntara linatseguka.

Komabe kholo lisanamizidwe. Maphunziro a unamwino kapena auphunzitsi aloza ku ntchito yodziwika dzina; awa ayi. Mwini wake ayenera kudzifunira malo: ku nyumba zosungira zinthu zakale, ku magulu a kafukufuku, ku mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko, kapena pa milandu ya malo. Ntchito zotere zibwera ndi kutha monga usipa, ndipo malipiro ake sakhazikika.

Mbiri ya gombeli ionetsa kuti anthu olipira munthu wodziwa miyambo akhalapo kuyambira 1933, nthawi zonse pamene olamulira afuna kuchita kanthu pakati pa anthu amene sawadziwa. Kale ndalamazo zinkawoloka nyanja zamchere pamodzi ndi mwini digiri. Kholo logulitsa mpunga wake lilipira kuti mwina zitsale pamudzi.